Kutsata mapazi a madzi oundana m'mapiri a Alps

Tsiku loyamba, Neuchâtel

Ngakhale kuti chimene chandibweretsa ku Switzerland ndi madzi oundana, ulendo wanga ndauyambira pa mwala. M'nkhalango imene ili kumtunda kwa mzinda wa Neuchâtel muli chimwala chotchedwa Pierre à Bot, chachikulu ngati nyumba, ndipo masana ano ndakhala m'munsi mwake nthawi yaitali ndikuchisisita ndi dzanja. Phiri limene chakhalapo ndi gawo la mapiri a Jura, omwe mwala wake ndi wa laimu, pamene chimwalachi ndi cha mtundu wa granite, chokhakhala ndi chamathothomathotho. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Mont Blanc, pa mtunda wa makilomita oposa 100 kum'mwera, ndipo pakati pa kwawoko ndi pano pali zigwa ndi nyanja.

Akatswiri ambiri akale ankati miyala yachilendo yotereyi inabwera ndi chigumula. Mmodzi mwa anthu oyamba kuona zoona zake anali mlenje wosaka nyama za m'mapiri, Jean-Pierre Perraudin, wa m'chigwa cha Bagnes. Iye anazindikira kuti mizere yokandika imene inali pa matanthwe a kumunsi kwa chigwa inali yofanana ndi imene ankaiona m'mphepete mwa madzi oundana kumtunda, choncho anati madzi oundanawo kale anadzaza chigwa chonse. Mu 1815 anauza katswiri wa miyala Jean de Charpentier, yemwe poyamba sanakhulupirire, ndipo zinatengera injiniya Ignaz Venetz kuti nkhaniyi imveke kwa ophunzira. Pa 24 July 1837, mumzinda uno, Louis Agassiz anaima pamaso pa asayansi anzake n'kulengeza kuti panali nyengo imene madzi oundana anakuta dera lalikulu la dziko. Dzina la Agassiz ndi limene linatchuka, koma ine ulemu waukulu ndikuupereka kwa mlenje uja, chifukwa anakhulupirira zimene maso ake anaona pa thanthwe pamene anthu a mabuku ankazikana.

Chimene chinanyamula mwalawu asayansi amachitcha glacier. M'zolemba zangazi ndizichitcha mtsinje woundana, popeza chimayendadi ngati mtsinje.

Tsiku lachiwiri, Lauterbrunnen

Sitima itakhota kulowa m'chigwa cha Lauterbrunnen, ndinamvetsa mwamsanga zimene zithunzi za m'mabuku zinalephera kundiuza. Chigwa chokumbidwa ndi mtsinje wa madzi chimakhala chosongoka pansi ngati chilembo cha V, chifukwa madzi amadula kanjira kopapatiza, ndipo mbali zake zimagumukira mkati pang'onopang'ono. Chigwa chino n'chotakata pansi, makoma ake ndi matanthwe oima chilili, ndipo munthu ukaima pakati umakhala ngati uli m'kati mwa bwato lalikulu losemedwa ndi mmisiri.

Chosema chake chimayamba ngati chipale chofewa chimene chagwa pamwamba pa phiri n'kukana kusungunuka m'nyengo yotentha. Chaka ndi chaka china chimasanjikizana pamwamba, cha pansi chimapanikizika, mpweya umafinyika, mpaka chimasanduka madzi oundana olimba. Akakhuthala mokwanira, kulemera kwawo kumawachititsa kuti azipindika m'kati ndiponso kutsetsereka pa timadzi ta pansi pawo, motero amayamba kutsika. Paokha madzi oundana ndi ofewa kuposa thanthwe ndipo sangalikande. Amene amagwira ntchitoyo ndi miyala ndi mchenga zimene zamatirira kunsi kwawo, zomwe zimapera thanthwe ngati tupa, komanso madzi amene amalowa m'ming'alu, n'kuundana, n'kuzula zibenthu pamene mtsinjewo ukusuntha.

Mtsinje waukulu woundana unakumba mozama kwambiri kuposa ting'onoting'ono timene tinkathira mwa iwo kuchokera m'mbali. Utasungunuka, tizigwa ta m'mbalito tinatsala m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake madzi ake lero amadumpha m'malere. Mathithi a Staubbach amagwa mamita pafupifupi 300, moti pofika pansi amakhala atasanduka nkhungu. Koma amene andigwira mtima ndi a Trümmelbach, omwe amanyamula madzi osungunuka a kumapiri a Eiger, Mönch ndi Jungfrau ndipo aboola njira yawo m'kati mwenimweni mwa phiri. Ndalowa m'mapangamo, phokoso lake ndinalimva m'chifuwa, ndipo makoma ndi osalala ngati m'kati mwa mbiya. Madziwo amatha kufika malita 20,000 pa sekondi imodzi.

Pobwerera ndinaima pa Interlaken. Nyanja za Thun ndi Brienz zinali nyanja imodzi m'chidikha chimene mtsinje woundana wa Aare unakumba, ndipo malo amene tauniyi yamangidwapo ndi mchenga ndi miyala zimene mitsinje inathira pakati mpaka kuidula pawiri.

Tsiku lachitatu, Luzern

Lero ndayenda wapansi pang'ono. Mu 1872 munthu wina akukumba chipinda cha pansi mumzinda uno anavundukula thanthwe lokhala ndi maenje ozungulira ngati mitondo, ndipo malowo, otchedwa Gletschergarten, akusungidwa mpaka lero. Dzenje lalikulu koposa ndi lakuya mamita oposa 9. Anakumba maenjewa ndi madzi osungunuka amene ankathamanga kunsi kwa mtsinje woundana wa Reuss zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, atapanikizika ndi kulemera kwa madzi oundana okhuthala mamita mazanamazana, akuzungulira ndi mchenga ndi nsangalabwi. Pa thanthwe lomwelo pali mizere yokandika yolozera mbali imodzi, yosonyeza kumene mtsinjewo unkalowera, ndipo m'mwala womwewo muli zizindikiro za zigoba za m'nyanja ndi tsamba la mtengo wa mtundu wa kanjedza, za nthawi imene dera lino linali gombe lofunda, zaka 20 miliyoni zapitazo. Ndaima pamenepo ndikuyang'ana nyengo ziwiri zosiyana kotheratu pa thanthwe limodzi.

Tsiku lachinayi, Morteratsch

Dzulo madzulo ndinafika ku Pontresina, m'dera la Engadin, ndipo m'mawa uno ndatsika sitima pa siteshoni ya Morteratsch n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumene kuli phiri la Piz Bernina. Mtsinje woundana wa kuno wakhala ukuyezedwa kuyambira mu 1878, ndipo m'mbali mwa njira anazika zikwangwani zosonyeza pamene lilime lake linkalekezera m'zaka zosiyanasiyana. Kuchokera pa chikwangwani choyamba kukafika pa madzi oundana ndi mtunda wa makilomita pafupifupi atatu.

Anthu amati mtsinje woundana ukubwerera m'mbuyo, koma mawuwa amasokoneza. Madzi oundana sakwera phiri. Akupitirizabe kutsika, kungoti kulilime akusungunuka mofulumira kuposa mmene ena akufikira kuchokera kumtunda. Zonse zimene ananyamula amazitula pamene asungunukirapo, miyala ikuluikulu, mchenga ndi matope, zosakanikirana popanda kusankhula, ndipo milu imeneyi imatchedwa moraine. Kumanja ndi kumanzere kwa chigwa kuli mitandadza iwiri italiitali yakuthwa pamsana, imene inaunjikidwa cha m'ma 1850 pamene mtsinjewu unali pachimake, ndipo munthu ukakweza maso kuyang'ana pamwamba pake umadziwa kuti malo onse amene ukuyendamo anali odzaza mpaka pamenepo.

Zomera nazo zimawerenga zaka. Pafupi ndi siteshoni pali mitengo ikuluikulu ya larch ndi paini, kutsogolo kuli timitengo ndi zitsamba, kenaka udzu ndi ndere, ndipo pomalizira pake pamangokhala miyala yotuwa. Mtsinje wotuluka kunsi kwa madzi oundana ndi woyererako ngati wathiridwa choko, chifukwa wanyamula fumbi la miyala yoperedwa, ndipo m'chigwa umagawikana timifuleni tambiri tolukanalukana. Kuphazi kwa moraine ndinaona dothi lonyowa likutsetsereka ngakhale kunalibe mvula, ndipo pansi pake panaonekera chinthu chakuda chonyezimira. Anali madzi oundana amene anatsala atakwiririka pamene mtsinje unachoka. Chimenechi chandikonzekeretsa za mawa.

Tsiku lachisanu, Murtèl

Tsiku la lero lasintha kaganizidwe kanga. Ndinabwera ndi maganizo akuti ntchito ya madzi oundana ndi ya mitsinje yoyera yooneka ndi maso, ndiponso kuti mbali yaikulu ya ntchitoyo inatha kalekale. Ndakwera kagalimoto koyenda pa chingwe kuchokera ku Surlej kukafika pa Murtèl, m'munsi mwa phiri la Corvatsch, pa msinkhu wa mamita pafupifupi 2,700, ndipo kumeneko kuli mulu waukulu wa miyala wooneka ngati lilime, wamakwinya opindika ngati phula lothiridwa pamalo otsetsereka. Pamwamba pake sipaoneka madzi oundana ngakhale pang'ono, koma pansi pa miyalayo mipata yonse ndi yodzaza nawo, ndipo mulu wonsewo ukukwawa masentimita angapo chaka chilichonse.

Nthaka kapena thanthwe limene kutentha kwake sikukwera kupitirira madigiri 0 a Celsius kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kuposerapo limatchedwa permafrost. M'mapiri a Alps limapezeka makamaka kuyambira pa mamita 2,500 kupita m'mwamba, maka m'mbali zimene dzuwa silifikako kwambiri. Gawo la pamwamba lokha ndi limene limasungunuka m'nyengo yotentha n'kuundananso m'nyengo yozizira. Mu 1987 asayansi anaboola dzenje lakuya mamita pafupifupi 60 mu mulu wa Murtèl n'kuikamo zoyezera kutentha, ndipo kuyambira pamenepo akhala akulemba mmene pansi pakufundira pang'onopang'ono.

Kunja kwa mitsinje youndana, chida chachikulu ndi kuundana ndi kusungunuka kobwerezabwereza. Madzi akaundana amakula ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo m'ming'alu ya thanthwe madzi oundanawo amakokanso chinyezi china n'kumakulirakulira mpaka thanthwe litasweka. Zibenthu zimagwa n'kuunjikana kuphazi kwa phompho, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, ndipo masana onse ndimamva timiyala tikugubuduka. Pa malo otsetsereka a udzu ndinaona nthaka itapanga timasitepe ndi timalilime, chifukwa dothi la pamwamba likasungunuka madzi ake amalephera kulowa pansi poundanapo, choncho limafewa n'kumatsika pang'onopang'ono. Pa kamalo kena kathyathyathya miyala inali itandandalikana m'timizere tozungulira dothi losalala, ngati kuti wina anachita kuisanja, pamene anaisanja ndi nthaka imene imafufuma ikaundana n'kuphwa ikasungunuka.

Madzi oundana a m'ming'alu amaswa thanthwe, koma akakhala ozizira mokwanira amaligwiranso ngati simenti, ndiponso amatseka njira kuti madzi asalowe m'kati. Akafunda, mphamvu yogwirayo imachepa. Anthu a ku Pontresina anazindikira zimenezi msanga, ndipo mu 2003 anamaliza kumanga chikhoma chachikulu kumtunda kwa mudzi wawo chotchinga matope, miyala ndi chipale zochokera kuphiri la Schafberg. Kuseri kwa mpata wa Maloja, pa 23 August 2017, mbali ya phiri la Piz Cengalo inagumuka, miyala yokwana makiyubiki mita pafupifupi 3 miliyoni inagwa, anthu 8 oyenda m'mapiri anafa, ndipo matope anafika m'mudzi wa Bondo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Gletsch

Ndatha pafupifupi tsiku lonse m'sitima ndi m'basi, kudutsa Chur, Andermatt ndi mpata wa Furka, ndipo dzuwa litapendeka ndinafika pa mtsinje woundana wa Rhône. Umenewu ndi umene unasenza chimwala chija cha ku Neuchâtel. Pa nthawi imene unali waukulu koposa unadzaza chigwa chonse cha Valais, unadutsa pamene pali nyanja ya Geneva, ndipo utagunda mapiri a Jura unagawikana, nthambi ina kulowera ku Solothurn, ina kutsikira kufupi ndi Lyon. Mu 1856 lilime lake linali lidakali pansi m'chigwa, pafupi ndi nyumba za Gletsch, ndipo mizere yokhota ya moraine ya nthawi imeneyo ikuonekabe m'dambo. Lero latsekeka pamwamba pa phompho, ndipo kutsogolo kwake kwabadwa nyanja imene kale kunalibe.

Matanthwe amene angovundukuka kumene ndi amene ndinawakonda. Mbali yoyang'ana kumtunda ndi yosalala ndi yobulungira, yokhala ndi mizere yokandika, pamene mbali yoyang'ana kumunsi ndi yothyokathyoka, chifukwa kumtunda mtsinje unkapera ndipo kumunsi unkazula. Munthu atatseka maso akhoza kudziwa ndi manja okha kumene madzi oundana ankachokera. Chapafupi, pamalo pamene anthu akhala akusema phanga m'madzi oundana kuyambira m'zaka za m'ma 1800, afunditsapo nsalu zoyera kuti achepetse kusungunuka. Nsaluzo zada ndi fumbi, ndipo kuziona kwandimvetsa chisoni, chifukwa zikuteteza kadera kochepa kwambiri pa mtsinje wonse.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Aletsch

Kuchokera pa Eggishorn, pa msinkhu wa mamita pafupifupi 2,900, mtsinje woundana wa Aletsch umaoneka wonse, kuyambira kumtunda mpaka pamene wakhotera kum'mwera. Ndi waukulu kuposa yonse m'mapiri a Alps, wautali makilomita pafupifupi 20, ndipo dera lake linalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2001 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Pa Konkordiaplatz, pamene nthambi zake zikuluzikulu zitatu zimakumana, madzi oundana ndi okhuthala mamita pafupifupi 800, ndipo cha kumeneko amayenda mamita ofika pafupifupi 200 pa chaka. Pamsana pake pali mizere iwiri yakuda yoyenda motsatana ngati mapazi a ngolo. Nthambi iliyonse imanyamula miyala yogwa kuchokera m'makoma m'mphepete mwake, ndipo nthambi ziwiri zikaphatikizana, miyala ya m'mphepete ija imakhala mzere umodzi wa pakati. Nthambi zitatu, mizere iwiri.

Kuchokera pomwepo mapiri enawo amamveka bwino. Pansi pa nsonga iliyonse pali chibowo chonga mpando chimene kamtsinje kakang'ono koundana kanakumba, ndipo zibowo ziwiri zikadyana kumbuyo zimasiya mtandadza wakuthwa ngati mpeni. Zikazinga phiri mbali zitatu kapena zinayi pamatsala nyanga, monga Matterhorn, imene inkaoneka patali kum'mwera chakumadzulo.

Anthu a ku Fiesch ndi Fieschertal akhala ndi mitsinje youndana nthawi yaitali. Nyanja ya Märjelen, imene madzi oundana ankaitchinga, inkaphulika n'kusefukira, ndipo mu 1678 anthuwa analumbira kuti azipemphera chaka ndi chaka kuti madzi oundana asakule. Mu 2009 anapempha Papa Benedict XVI kuti awalole kutembenuza pempherolo n'kumapempherera kuti madzi oundana asathe, ndipo chilolezo chinaperekedwa mu 2010. Nkhani imeneyi ndaimva mwaulemu, popeza ndi ya anthu amene moyo wawo ndi madzi awo zimadalira phiri. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, mitsinje youndana ya dziko la Switzerland inataya gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi oundana ake onse.

Madzulo ndinayenda mpaka pa Moosfluh. Kwa zaka zambiri madzi oundana ankatsamira phazi la phirili, koma pamene akhala akuphwa, mbali yonse ya phiri yayamba kupendekera kuchigwa. Mu 2016 inkasuntha masentimita makumi angapo pa tsiku, nthaka inang'ambika, ndipo njira za oyenda pansi zinatsekedwa. Siteshoni ya kagalimoto ka pa chingwe ya pamwamba pake anaimanga mwanjira yoti izitha kusunthira limodzi ndi phiri. Pamenepo ndinaona kuti mtsinje woundana umasema chigwa uli pomwepo, ndipo ukachoka makoma amene unawasiya ali chilili amayamba kufuna pokhazikika.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lötschental

Ndinazengereza kubwera kuno, poopa kukhala ngati munthu wodzaonerera tsoka la ena, koma ndinaona kuti ulendo wotsata madzi oundana sungalambalale chigwa chino. Ndakwera kuchokera ku Wiler kupita ku Lauchernalp, kumene chigwa chimaoneka kuchokera pamwamba.

M'mwezi wa May 2025, mbali ya phiri la Kleines Nesthorn inayamba kusweka, ndipo miyala yake inkagwera pa kamtsinje koundana ka Birch, kamene kali m'munsi mwake. Oyang'anira mapiri ataona kuti kusunthako kukukula, pa 19 May anasamutsa anthu pafupifupi 300 a m'mudzi wa Blatten, ndipo ziweto nazo zinachotsedwa. Kulemera kwa miyala kunakankha madzi oundana mpaka anayamba kuthamanga, ndipo masana a pa 28 May kamtsinjeko kanathyoka. Miyala, madzi oundana ndi matope zokwana makiyubiki mita pafupifupi 9 miliyoni zinatsikira m'chigwa n'kukwirira pafupifupi mudzi wonse, zinatseka mtsinje wa Lonza, ndipo nyanja imene inabadwa kuseri kwake inamiza nyumba zambiri mwa zimene zinatsala. Munthu mmodzi anamwalira. Asayansi amalankhula mosamala za zifukwa zake, popeza mtundu wa thanthwe ndi ming'alu yake yakale zinali ndi gawo lake, koma phirilo lili m'dera la permafrost amene wakhala akufunda. Chimene sindikukayika n'chakuti zida zoyezera ndiponso kumvera kwa anthu a m'mudzimo ndi zimene zinapulumutsa miyoyo yambiri.

Pafupi nane panaima bambo wina wachikulire wa m'chigwa chomwechi. Ndinawapatsa moni mwaulemu, iwo anayankha, kenaka anandilozera ndi ndodo yawo pamene panali tchalitchi. Sitinalankhule zambiri. Kuchokera pamene tinaimapo ndinatha kutsata njira yonse ndi maso: chipsera chotuwa pa nsonga ya phiri, khwawa lopalidwa mpaka pa thanthwe, nkhalango yogwetsedwa tsidya lino kumene mphepo ndi miyala zinakafika, ndi mulu wotuwa wotalika makilomita pafupifupi awiri pansi pa chigwa. M'kati mwa muluwo munakwiririka madzi oundana ambiri, ndipo pamene akusungunuka pamwamba pake pakutitimira timaenje. Mtsinje wa Lonza wadula kale ngalande yake pakati pa muluwo, ndipo madzi ake amatuluka kumunsi ali otuwa ndi matope, kulowera ku Ferden.